Galimoto Yofuna Apongozi

Padangokhala. Mwati tili tonse? Chabwino, koma aliyense apeze pogwira, chifukwa nthano iyi mabuleki ake ndi okayikitsa.

Panali Gulo, makaniko wa m'tauni ya nyama. Galaja yake inali ya malata asanu ndi limodzi, koma galimoto yobwera ikutsokomola inkachokapo ikuimba. Bodza ankalidziwanso ndithu, ndipo ine sindimuweruza, poti wamng'ono wokonza zinthu za akuluakulu akakhala wopanda bodza sakalamba. Chaka chimenecho mkazi wake, Nankhoma, anali atakwirira mazira asanu ndi anayi mumchenga wa m'galajamo, kuseri kwa mulu wa matayala kumene kunkafunda. Gulo ankadutsa pamenepo monyang'ama, ndipo chilichonse chofuna nyundo ankakachimenyera panja.

Lolemba lina kunabwera Kaputeni Njati, msilikali wopuma pantchito, ndi galimoto yake yofiira yampikisano, ya mipando iwiri, yopanda denga. Pambuyo pake panali Kopolo Kakowa, mbalame yoyera yamiyendo yoonda ija, amene ntchito yake inali kuchotsa nkhupakupa pamsana pa Kaputeni ndi kuvomereza zonena zake. Anatsitsa chinthu chachitali chokulungidwa m'makatoni.

"Gulo! Ukuchidziwa ichi?" anafunsa Kaputeni.

"Chikuoneka ngati benchi ya kutchalitchi, bwana."

"Ndi phiko, mbuli iwe! Lachokera ku Joni. Ulimange kumbuyo kwa galimoto. Loweruka kuli mpikisano, ndipo chikho chija Bwana Disi Nyamalikiti achiona komaliza."

"Achiona komaliza," anatero Kopolo.

Gulo analizungulira phikolo kawiri, mtima wake n'kuyamba kuwawa. "Bwana, phikoli ndi labwino, koma lili lokha. Mukathamanga mphepo izilipanikiza, matako a galimoto azikhala pansi, mphuno izidzuka. Mukudziwa wakabaza akamanga matumba atatu a chimanga pakaliyala, tayala lakutsogolo limangonunkhiza msewu. Pakufunikanso kanthu kophwatalala kutsogoloku, kuti mphepo izipanikiza konsekonse."

"Nkhope ya galimoto yanga sakhudza munthu. Phikoli ndasankha ndine. Ukuti Kaputeni walakwa?"

"Sindinatero, bwana."

"Sanatero, koma anatsala pang'ono," anatero Kopolo.

Basi Gulo anatenga sipanala n'kumanga phikolo. Anali ndi nyimbo yake yogwirira ntchito, ndipo tsikulo anaiika mawu atsopano. Inali yochonderera matayala akutsogolo, kuwakumbutsa kuti anakulira pansi, asanyade, atsike apereke moni kwa dothi. Iye ankatsogolera uku sipanala ikugunda chitsulo, Nankhoma akuvomera chapansipansi kuti asadzidzimutse mazira.

Tsono msewu wa mpikisano unali ndi kona imodzi yoipa, yotchedwa Chigongono. Wolephera kukhota pamenepo ankalowa molunjika pakhomo pa mayi Nangondo, ng'ona yaikazi, amene anali apongozi ake a Kaputeni. Musandifunse kuti njati inakwatira bwanji mwana wa ng'ona. Amene akudziwa ndi ankhoswe, ndipo mmodzi mwa iwo sanabwerereko. Chimene ndikudziwa n'chakuti Kaputeni, ngakhale anali wamwano kwa aliyense, mwambo wa chipongozi ankausunga mwamantha. Sankawayang'ana mayiwo, sankakhala nawo pafupi, akakumana nawo panjira ankalowa patchire, ndipo mawu awo onse ankadutsira mwa munthu wina.

Lachiwiri anakayesa galimoto. Pamalo owongoka inathamanga mpaka makutu a Kaputeni anagona chammbuyo. Itafika pa Chigongono iye anapotoza chiwongolero, matayala akutsogolo anatembenuka bwinobwino, koma galimoto sinawamvere. Inangopitirira, n'kukaswa nkhokwe ya mayi Nangondo, chimanga chili mbwee.

Mayiwo anatuluka m'nyumba. Kaputeni analumpha, n'kukagwada kuseri kwa mtengo wa mango atafulatira.

"A Kopolo," anatero mayi Nangondo, "tawafunsani akamwini ngati chimanga changa chinawalakwira."

"Akuti chinakulakwirani chimanga?"

"Uwauze kuti ndapepesa," ananong'ona Kaputeni. "Uwauze kuti ndi makaniko."

Atabwerera ku galaja manyazi aja anali atasanduka ukali. Anaponda pansi kamodzi, malata n'kulira, mchenga wa pa mazira n'kugwedezeka.

"Tamva, Gulo. Loweruka galimoto iyi ikapanda kukhota pa Chigongono, galaja yakoyi ndidzaipondaponda mpaka isanduke bwalo la mpira."

"Bwana, pansipa pali mazira."

"Angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Ndiye uli ndi zifukwa zisanu ndi zinayi zogwirira ntchito bwino. Phiko usalichotse."

Atachoka, Gulo anauza mkazi wake kuti awafukule mazirawo akawakwirire kwina. Nankhoma anakana. Anati anali atakhwima kale, aswa chakumapeto kwa sabata yomweyo, ndipo dzira lokhwima ukalisuntha limasukusa. Gulo anachita mantha kwambiri, mantha oti chiyambire kukonza galimoto anali asanawamvepo.

Lachitatu m'mawa anamasula mabawuti awiri n'kuligoneka phiko pang'ono, kuti mphepo izidutsa osalipanikiza kwambiri. Anaimbanso nyimbo ija ya matayala, ndipo tsopano Nankhoma povomera ankawerenga mazira ake limodzilimodzi. Tsoka lake, Kopolo Kakowa atafika anakatera paphiko pomwepo.

"Bwana, dzulo ndimatsetsereka pano. Lero ndaima bwinobwino. Phikoli lagonekedwa."

"Latopa ndi ulendo wa ku Joni, bwana," anatero Gulo. "Ndati lipumeko."

"Msilikali sagona pantchito!"

Kaputeni analitukula ndi nyanga mpaka linaima chilili ngati chikwangwani cha sitolo. Ulendo uno matayala akutsogolo sanavutike n'komwe kunamizira: anadzuka m'mwamba kona isanafike, n'kumazungulira okha. Galimoto inadutsa pamene panali nkhokwe paja, n'kukagwetsa khola la nkhunda. Achule ogulitsa zitumbuwa pakonapo anali atamva nyimbo ya Gulo kwa mnzawo wina, ndiye anaiyambitsa akuwomba m'manja, kuchonderera matayala kuti atsike.

"A Kopolo," anatero mayi Nangondo, nthenga zili pamphuno, "tawafunsani akamwini kuti mawa ndichotseretu chiyani."

Kaputeni anali kale kuseri kwa mango, atafulatira.

Lachinayi Gulo anatenga thabwa, n'kulipala, n'kulipaka penti yofiira, n'kulimanga pansi pa bampala yakutsogolo kuti lituluke pang'ono ngati mlomo. Imeneyi ndiyo inali ntchito yoona, ndipo akanamusiya nkhani ikanathera pompo. Anaimba nyimbo yake ndi mtima wonse. Koma Kaputeni atangofika anaima, n'kupendeketsa mutu.

"Kopolo, galimoto yanga ikuoneka ngati chiyani?"

"Ngati bakha, bwana."

"Gulo! Ine Kaputeni ndikwere bakha?"

"Ndi ndevu, bwana. Galimoto za akuluakulu zimamera ndevu."

Chiboda chimodzi chokha, thabwa linauluka n'kukagwera kuseri kwa msika. Anapitanso ku Chigongono, achule anayambitsa nyimbo galimoto isanaoneke n'komwe, ndipo inadutsa pankhokwe, inadutsa pakhola, n'kukalowa m'bafa la udzu. M'bafamo munali mayi Nangondo, ali ndi ndowa ndi sopo.

Abale, pali zinthu zina zimene ngakhale msilikali sangazipirire. Kaputeni anatsinzina mwamphamvu, anatuluka m'galimoto chotsinzinacho, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, kugunda mitengo, kugwera m'ngalande, osatsegula maso mpaka kunyumba kwake. Galimoto anaisiya momwemo. Anangotuma Kopolo kukauza Gulo kuti akaitenge, ndiponso kuti kwatsala masiku awiri.

Lachisanu Gulo anapita. Anawapeza mayi Nangondo atagona pakhonde akuwothera dzuwa, ndipo asanapereke moni anaima kaye n'kuwayang'ana ndi diso la umakaniko. Anali aatali, olemera, ophwatalala, ndipo chibwano chawo chinali chosalala kuposa thabwa lake lija. Nzeru inamugwera pomwepo.

"Odi, azakhali!"

"Azakhali ako ndani?"

"Inuyo. Bambo anga ankakutchulani kawirikawiri. Tayang'anani: miyendo inayi, mchira, mazira. Ndife amodzi."

"Womaliza kundiuza zimenezo anali Mng'azi. Anakoma."

Gulo sanabwerere m'mbuyo. "Ndabwera kudzakuchenjezani, azakhali. Galimoto iyi ndaitsegula paliponse, ndipo ilibe matenda. Vuto lake ndi ulemu. Inamva kuti mwini wake ali ndi apongozi amene sanawakwezepo, ndiye ikafika pakonapa imakana kupitirira, imabwera kudzakutengani. Lachiwiri inakufunani kunkhokwe. Lachitatu kukhola. Dzulo inakupezani."

"Ndiye mawa?"

"Mawa ikudziwa kuti mumagona kuchipinda."

Mayi Nangondo anayang'ana nyumba yawo, imene inali yokhayo yotsala chilili pakhomopo. "Nanga nditani?"

"Malo okhawo amene galimoto singakugundeni ndi pamwamba pake. Mukakwera, ibwera kudzatani kuno?"

Mayiwo anayang'ana galimoto ija. Kenaka anati, mawu atatsika, "Zaka khumi ndi chimodzi akamwini akundidutsa ndili ndi mtolo pamutu. Ndimangomva fumbi." Zinkawapweteka ndithu, ndipo Gulo atamva zimenezo anachita manyazi pang'ono ndi bodza lake, koma pang'ono pokha.

Kuchoka apo anakokera galimoto kwa Kaputeni, amene anamupeza atafunda bulangete masanasana.

"Bwana, matenda ndawapeza. Phiko lilibe mlandu."

Bulangete linatsika. "Ndinanena ine!"

"Ananena," anatero Kopolo.

"Galimoto yanu ili ndi mwambo ngati mwini wake. Ikuchita manyazi kudutsa pakhomo pa apongozi osawakweza. Munawakwezapo?"

"Ndingawakweze bwanji? Mipando ndi iwiri, yogundana. Ndikhale phewa ndi phewa ndi apongozi?"

"Ayi, bwana, zimenezo n'zonyansa. Akuluakulu amatsogola. Akhala paboneti."

"Ndiye ndiziwaona!"

"Muzolika. Muziyang'ana mawondo anu, ngati mkamwini woleredwa bwino. A Kopolo akhala pamutu panu, azikuuzani msewu ndi mawu a apongozi."

Kopolo anatsegula mlomo kuti avomereze monga mwa masiku onse, koma mawu sanatuluke. Gulo anabwerera kwawo akuseka yekha, poganiza kuti mwala umodzi wagenda nkhani zonse, ndipo Loweruka adzakhala pambali pa Nankhoma kudikira ana ake.

Loweruka nyama zonse zinasonkhana. Bwana Disi Nyamalikiti anali kale m'galimoto yake, khosi lili kunja, chipewa chachitsulo chili kumwamba kwenikweni kumene sichikanathandiza kanthu. Mayi Nangondo anafika atavala duku yawo ya kuukwati. Gulo anawagoneka paboneti, mutu kutsogolo, chibwano chitatulukira pansi pa bampala, n'kuwamanga bwino ndi malegeni. Kaputeni analowa chafutambuyo, n'kukhala, n'kuzolika. Kopolo anatera pakati pa nyanga.

"Mbalame iyo itsike," anatero mayi Nangondo. "Imangobwereza mawu ngati chiphompho. Mawu anga anyamule wachibale. Ali kuti mwana wa achimwene anga uja?"

Gulo anayang'ana kumbuyo ngati akufuna munthu wina.

"Iwe amene, mphwanga. Kwera."

"Azakhali, kunyumba mazira…"

"Ndine azakhali ako kapena si ine?"

Mano aja anali pafupi kwambiri moti Gulo sakanatha kuthetsa chibalecho. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Anakwera pamutu pa Kaputeni, n'kukumbatira tsinde la nyanga ndi miyendo yonse inayi.

Mbendera inagwa, galimoto zonse zinauluka, koma Kaputeni ananyamuka pang'onopang'ono, poopa kugwedeza apongozi.

"Mphwanga, uwafunse akamwini ngati tikuperekeza maliro."

"Bwana, apongozi akuti pondani moto!"

"Zikomo, amayi," anatero Kaputeni, n'kuweramitsa mutu mwaulemu, n'kuudzutsa. Gulo anapita pansi n'kubwerera m'mwamba, mano akugundana. Galimoto inabangula.

"Kumanja pang'ono! Basi! Wongolani! Mukugunda a Khansala!"

"Uwauze kuti awonjezere."

"Akuti wonjezerani!"

"Zikomo, amayi." Pansi, m'mwamba.

Anapitirira galimoto zitatu, ndipo Chigongono chinaonekera. Achule anali atayamba kale nyimbo ija, kuchonderera matayala, ena atanyamuliratu madengu awo kuti athawe. Gulo anaona nyumba ya mayi Nangondo ikubwera, ndipo m'maganizo mwake anaona chiboda cha Kaputeni chikutsikira pamchenga wa kuseri kwa matayala. Anafuna kulira. M'malo mwake anakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Kumanzere! Kumanzere konse!"

Mphepo inapanikiza phiko kumbuyo monga kale. Koma tsopano inapanikizanso chibwano ndi msana wa mayi Nangondo, ndipo thupi lawo lonse linatsamira pamphuno ya galimoto. Matayala akutsogolo anatsika, anagwira dothi, n'kumvera. Galimoto inakhota ngati yamangidwa chingwe pamtengo. Achule anasokonezeka pakati pa nyimbo, kenaka mmodzi anaitembenuza, onse n'kuyamba kuyamikira matayala kuti adzichepetsa, apereka moni.

"Eee!" anakuwa mayi Nangondo, duku ikupepeluka. "Ndiye zimakoma chonchi? Uwauze abwerezenso!"

"Akuti bwerezani!"

"Zikomo, amayi."

Maulendo ozungulira anali khumi ndi awiri, ndipo apa mpamene Gulo anadziwira kuti azakhali ake atsopanowa anali ndi mawu a zaka khumi ndi chimodzi amene anali asanapeze powatulira. Ulendo wachiwiri anafunsa za khasu lawo limene Kaputeni anabwereka chaka cha dzombe. Wachitatu anafunsa chifukwa chake mwana wawo Esinati waonda. Wachinayi anakumbutsa za munda wa kudambo umene mkamwini analonjeza kulima asanakwatire. Wachisanu, podutsa pakhomo pawo, anaona mbuzi ya eni ikudya chimanga chomwazika chija, ndipo anati nayonso ndi mlandu wa akamwini. Gulo ankanyamula mawu onsewo, pakati n'kumaikamo kumanja ndi kumanzere.

"Akuti khasu lija linali latsopano, kumanja, mpini wake wa m'banga, wongolani!"

"Zikomo, amayi."

"Akuti Esinati sadya bonya, bulekini pang'ono!"

"Zikomo, amayi."

Liwu lililonse Kaputeni ankalilandira ndi mutu, ndipo mutu uliwonse unkamuponya Gulo pansi ndi m'mwamba. Pofika ulendo wachisanu ndi chinayi sankadziwanso kuti khosi lake lili pati. Pa ulendo womaliza anamupeza Bwana Disi pa Chigongono penipeni. Mayi Nangondo anangoyasamula kuti apereke moni kwa boma, Bwana Disi ataona m'kamwamo anapatuka yekha.

Kaputeni anawina osaona mzere womalizira. Anapitirira kuthamanga mpaka Gulo anamuuza kuti mpikisano watha. Chikho atachibweretsa, mayi Nangondo anachiyang'ana mkati n'kunena kuti chilowa m'malo mwa ndowa yawo imene inaphwanyika m'bafa, ndipo panalibe wotsutsa.

"Gulo," anatero Kaputeni, akadali chizolikire, "galaja yako ikhale."

"Ikhale," anatero Kopolo, amene anali atatulukiranso mpikisano utatha.

"Ndipo uvomere pamaso pa anthu kuti phiko langa linalibe vuto."

Gulo anafuna kunena kuti phikolo ndi limene linatsala pang'ono kupha banja lake. Koma mutu wake unali ukupita pansi ndi m'mwamba wokha, ndipo aliyense anaona kuti wavomera.

"Mphwanga," anatero mayi Nangondo akuwamasula malegeni, "uwauze akamwini kuti Loweruka lililonse azinditenga. Iwenso uzibwera. Sindinamalize."

Gulo anafuna kukana. Mutu unavomeranso.

Anathamangira kwawo akudzandira. Galaja inali chilili, malata onse asanu ndi limodzi. Nankhoma anamuchingamira pakhomo.

"Mwachedwa, bambo. Aswa masana, nthawi imene kumsewu kumamveka phokoso."

"Onse?"

"Onse asanu ndi anayi."

Gulo anakondwa mpaka misozi, komanso zinamuwawa kuti sanaone ngakhale mmodzi akutuluka m'chikamba. Anazungulira mulu wa matayala monyang'ama. Tiana tisanu ndi tinayi tinali titandanda pamchenga, maso ali tong'o, tisanaonepo mwamuna wamtundu wawo chibadwire.

"Ana inu, bambo anu ndi awa," anatero Nankhoma.

Gulo anaima patsogolo pawo kuti anene mawu anzeru amene anawakonza sabata yonse. Mawu sanabwere. Mutu wokha unapita pansi, n'kubwerera m'mwamba, pansi, m'mwamba. Tiana tija tinayang'anitsitsa. Kenaka kamodzi kakumapeto kanatukula kachifuwa, n'kugwedeza kamutu kake. Kachiwiri kanatsatira. Posakhalitsa tonse tisanu ndi tinayi tinali tikugwedezera bambo awo, mwaulemu, mofanana.

"Taimitsani mutuwo, ana akuonera!" anatero Nankhoma.

"Sukuima, mayi."

"Ndiye mwawaphunzitsa chiyani?"

Gulo anayang'ana ana ake amoyo, onse ali bwinobwino, akumupatsa moni yekhayo amene ankamudziwa.

"Asiyeni," anatero. "Akula ndi ulemu."

Mpaka lero mukapeza gulo pamwala kapena pamtengo akukugwedezerani mutu, musadzitame kuti wagwirizana nanu. Akupereka moni wa kwawo, umene kholo lawo linabwera nawo kuchokera ku Chigongono.

Yanga yakhota, yalowa m'galaja, ndazimitsa. Amene ali ndi ina alize yake.